Puloti ndi yanga, nanga khonsolo ikubweramo bwanji? Mafunso ndi mayankho pa nkhani yosintha ntchito ya malo okhala anthu

Amene wakhalitsa ku Lilongwe waona ndi maso ake nyumba za ku Area 47, Area 3 ndi Area 9 zikusanduka maofesi, malo ogona alendo, sukulu za mkaka ndi tizipatala. Ku Blantyre n'chimodzimodzi ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe. Ena anatsata njira yake n'kulandira chilolezo, ena anangodzuka m'mawa n'kukhoma chikwangwani pageti. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe eni mapuloti, alendi ndi anthu oyandikana nawo amafunsa kawirikawiri. Zitsanzo zambiri tatenga ku Lilongwe, koma lamulo lake ndi limodzi m'dziko lonse la Malawi.

Puloti ndinagula ndi ndalama zanga, mapepala ndili nawo. N'chifukwa chiyani ndiyenera kupempha wina ndisanasinthe ntchito yake?

Chifukwa kukhala mwini wa malo ndi nkhani ina, ntchito ya malowo ndi nkhani inanso. Chikalata chanu chimanena kuti puloti ndi ya ndani ndipo malire ake ali pati. Pulani ya mzinda ndiyo imanena kuti pamalopo pangachitike chiyani. Lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi Physical Planning Act la chaka cha 2016, lomwe linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Malinga ndi lamuloli, chitukuko pamalo si kumanga kokha. Kusintha kwenikweni kagwiritsidwe ntchito ka nyumba nakonso ndi chitukuko chofuna chilolezo, ngakhale musanaonjezere njerwa ndi imodzi yomwe.

Maganizo ake si ovuta. Zochitika papuloti panu sizithera pampanda. Phokoso la jenereta limalowa m'chipinda chogona cha mnzanu. Madzi a mvula ochoka pabwalo lomwe mwawaka simenti lonse amakathera m'nyumba ya kumunsi. Magalimoto a makasitomala anu amaima pageti la eni ake. Ndiye pamafunika wina woti aone zonsezi zisanachitike, ndipo udindowo lamulo linaupereka kwa komiti yoona za mapulani ya khonsolo.

Pulani ya mzinda imene mukunenayi ndi chiyani kwenikweni?

Ndi mapu pamodzi ndi buku la malamulo ake. Yaikulu imatchedwa urban structure plan. Imeneyi imagawa mzinda wonse: uku nyumba zokhalamo, uku malonda, uku mafakitale, uku sukulu ndi zipatala, uku manda, uku malo oti asamangidwe kalikonse. Imaonetsanso komwe misewu ikuluikulu idzadutse, ngakhale lero pali chimanga. Pansi pake pamabwera layout plan, mapu a dera limodzi oonetsa puloti iliyonse ndi nambala yake, timisewu, ngalande, bwalo la masewera ndi malo a msika.

Malo okhala anthu nawonso ali m'magulu. Kuli madera a mapuloti akuluakulu, komwe banja limodzi limakhala pamalo otakasuka, monga Area 10 ndi Area 43. Kuli apakatikati. Kuli a mapuloti ang'onoang'ono othinana monga Area 18. Kulinso madera omwe boma linkangodula mapuloti, kulambula misewu ya dothi ndi kuika madzi pafupi, n'kusiya anthu kuti amange okha ndi zomwe angakwanitse. Kawale ndi Area 25 anayamba motero. Gulu lililonse lili ndi miyeso yake: kukula kwa puloti, gawo lomwe nyumba ingatenge, mtunda woti usiyidwe kuchokera kumsewu ndi kumpanda, ndiponso kutalika kwa nyumba.

Nanga pulani ya Lilongwe inachokera kuti?

Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, akatswiri a ku South Africa anajambula pulani yoyamba m'chaka cha 1968, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzindawo. Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Bungweli linathetsedwa mu 1984, ndipo mu 1986 kunabwera Lilongwe Outline Zoning Scheme, yomwe inagawa mzinda m'zigawo zinayi: Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi. Mu 2010 boma la Japan, kudzera ku JICA, linathandiza kukonza pulani ina yoyang'ana mpaka chaka cha 2030.

Ojambula oyambawo ankafuna mzinda wa mitengo, wotambalala, madera ake atapatulidwa ndi nkhalango ndi madambo. N'chifukwa chake kuchoka ku Old Town kupita ku City Centre mumadutsa m'tchire. Koma iwo ankajambulira tauni yomwe pa kalembera wa 1966 inali ndi anthu osafika 20,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu. Apa ndiye pagona gwero la mapempho ambiri osintha ntchito ya malo: anthu achuluka, malo a malonda omwe anaikidwa papulani ndi ochepa ndiponso odula, pomwe nyumba zina zili pamapuloti akuluakulu pafupi ndi misewu yabwino. Mwini nyumba akawerengetsa lendi ya banja ndi lendi ya bungwe, yankho amalipeza msanga.

Kodi kusintha ntchito ya malo (change of use) ndi kusintha gulu la dera lonse n'chimodzimodzi?

Ayi. Change of use imakhudza puloti imodzi: nyumba yokhalamo isanduke ofesi, kapena sitolo isanduke nyumba. Kusintha gulu la dera ndi kusintha pulani yeniyeniyo, mwachitsanzo kunena kuti mapuloti onse oyang'ana msewu wakutiwakuti tsopano akhale a malonda, kapena kuti munda waukulu udulidwe mapuloti a nyumba. Choyambacho komiti imachiyeza ndi pulani yomwe ilipo. Chachiwiricho ndi ntchito yaikulu yofuna akatswiri, kufunsa anthu ndi kuvomerezedwa ndi akuluakulu a mapulani ku Unduna wa za Malo.

Vuto limabwera pamene ntchito yachiwiriyi ikuchitika mobisika kudzera mu yoyambayo. Lero puloti imodzi, chaka chamawa zitatu, kenako msewu wonse wasanduka wa malonda popanda tsiku lomwe wina anakhala pansi n'kufunsa ngati mapaipi ndi msewuwo zingapirire.

Komiti ikalandira pempho langa imayang'ana chiyani?

Imayamba ndi mapu. Puloti yanu ili m'gulu liti, ndipo chomwe mukufunacho chikuloledwa m'gulu limenelo? Pali ntchito zina zomwe zimakhalira limodzi bwino ndi nyumba za anthu, monga sukulu ya mkaka yaing'ono kapena kachipatala ka masana. Zina sizingayanjane nazo ngakhale pang'ono, monga malo ogulitsira mafuta a galimoto pakati pa nyumba, fakitale ya utsi kapena malo ovinirako usiku.

Kenako imaona msewu. Tiyerekeze nyumba ya zipinda zinayi m'kamsewu kopapatiza, yomwe mwini wake akufuna ikhale malo ochitirako misonkhano ndi maukwati. Pabwalo pangaime magalimoto asanu ndi limodzi basi. Loweruka pabwera magalimoto makumi anayi. Otsalawo aima m'mbali mwa msewu, matayala ali m'ngalande, ena atseka mageti a eni ake. Ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto itafuna kudutsa pamenepo, ingodikira. Nkhani ya malo oimika magalimoto yokhayi imagwetsa mapempho ambiri, ndipo m'pake.

Chachitatu ndi madzi ndi zonyansa, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri saganizirapo. Gawo lochepa kwambiri la Lilongwe ndilo linalumikizidwa ku mapaipi a zonyansa opita kokazisefa ku Kauma. Nyumba zambiri zimadalira septic tank kapena chimbudzi chokumba. Thanki yomwe inakumbidwira banja la anthu asanu ndi mmodzi singasenze lojii ya zipinda khumi ndi ziwiri, chilichonse chili ndi bafa lake. M'dzinja nthaka ikakhuta madzi, thankiyo imasefukira, zonyansa n'kuyenderera kulowa m'ngalande, mwinanso m'chitsime cha mnzanu. Dziko lathu linataya anthu oposa 1,700 pa mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022, ndiye mkulu wa zaumoyo akamakakamira pa nkhani ya thanki, sikuti akungokuvutitsani. Paipi ya Lilongwe Water Board nayo ili ndi polekezera, chimodzimodzinso thiransifoma ya ESCOM yomwe inaikidwa powerengera nyumba zingapo, osati makina oziziritsa m'zipinda makumi awiri ndi uvuni wa buledi.

Komiti imaonanso za moto, polowera anthu olumala, phokoso, nthawi yotsegula ndi kutseka, ndi madandaulo a anthu oyandikana nanu. Ngati ntchito ndi yaikulu, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti pachitike kafukufuku wa mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ndilo limaona zimenezo.

Yankho silikhala "inde" kapena "ayi" basi. Nthawi zambiri chilolezo chimabwera ndi zoyenera kutsata: onjezerani malo oimika magalimoto mkati mwa mpanda, kumbani thanki yaikulu, geti likhale mbali iyi. Zimenezi ndi gawo la chilolezocho. Mukazinyalanyaza muli ngati munthu wopanda chilolezo.

Ndiyambire pati?

Yambani ndi kufunsa musanaononge ndalama. Pitani ku dipatimenti ya mapulani ya khonsolo ndi nambala ya puloti, mufunse kuti ili m'gulu liti ndipo chomwe mukuganizacho chingatheke kapena ayi. Kenako werengani lizi yanu, chikalata chobwerekera malowo. M'mizinda yathu mapuloti ambiri ali pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99, yochokera ku Unduna wa za Malo, ku Malawi Housing Corporation kapena ku khonsolo. M'lizimo mumalembedwa ntchito ya malowo. Ngati munalembedwa kuti ndi a nyumba yokhalamo, amene anakupatsani liziyo ayenera kuvomera kuti mawuwo asinthidwe. Chilolezo cha komiti ya mapulani pachokha sichisintha lizi, ndipo kalata ya eni lizi payokha si chilolezo cha mapulani. Muyenera kukhala nazo zonse ziwiri.

Mukatero pezani katswiri wovomerezeka ajambule mapulani, mudzaze mafomu, mulipire ndalama yake pakauntala n'kulandira risiti ya khonsolo. Mapulaniwo amazungulira kwa mainjiniya, azaumoyo ndi ozimitsa moto asanafike pamaso pa komiti. Layisensi ya bizinesi ndi chinthu chinanso chapadera. Kukhala nayo sikutanthauza kuti nyumbayo yaloledwa kusintha ntchito.

Ndikungofuna kumanga nyumba za lendi zitatu kuseri kwa nyumba yanga. Zonse ndi zokhalamo, ndiye pali vuto?

Pakufunikabe chilolezo. Mwasiya ntchito ya malo momwe inalili, koma mwasintha kuchuluka kwa anthu, ndipo pulani imawerengera zimenezonso. Puloti ya banja limodzi ikakhala ya mabanja anayi, madzi, zinyalala, chimbudzi ndi magalimoto zonse zachuluka kanayi.

Komabe pano tinene zoona: mzinda ngati Lilongwe ukufunika nyumba zambiri pafupi ndi ntchito. Kusiya mapuloti akuluakulu pakati pa mzinda ali ndi nyumba imodzi, pomwe mphunzitsi ndi namwino akukwera minibasi ziwiri kuchokera kunja kwa mzinda, si nzeru. Mzinda ukamangotambalala, paipi iliyonse ndi msewu uliwonse zimatalika, ndipo minda yomwe imatidyetsa imatha. Choncho pempho loonjezera nyumba zokhalamo, kapena lomanga nyumba zosanja pomwe madzi ndi msewu zilipo kale, likuyenera kumvedwa ndi khutu labwino. Chofunika n'choti zichitike moonekera, thanki ndi ngalande zikule limodzi ndi chiwerengero cha anthu.

Ngati cholinga chanu n'kudula puloti pawiri kuti mugulitse mbali ina, kumeneko ndi kugawa malo, ndipo kuli ndi chilolezo chakechake. Pamafunika saveya wovomerezeka, mabikoni atsopano, ndipo chidutswa chilichonse chikwane muyeso wa deralo n'kukhala ndi njira yakeyake yotulukira kumsewu.

Nanga kaokala pageti, saluni, kapena telala wosokera pakhonde?

Funso lomwe akatswiri amadzifunsa n'lakuti: kodi nyumbayi idakali nyumba? Mayi wosoka m'chipinda chimodzi, banja likugonabe momwemo, sanasinthe deralo. Koma mukagumula mpanda n'kumanga mashopu asanu oyang'ana kumsewu, mwamanga msika. Ndipo chilichonse chomangidwa m'malire a msewu, kunja kwa mabikoni anu, chili pamalo a boma. Tsiku lokuza msewu chidzagwetsedwa.

Woyandikana nane wasandutsa nyumba yake bala. Ana sakugona. Ndichite chiyani?

Yambani mwalankhula naye, mwina limodzi ndi atsogoleri a m'dera lanu. Zikakanika, lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, mutchule nambala ya puloti, zomwe zikuchitika ndi nthawi yake. Sungani kope lodindidwa chidindo chosonyeza kuti kalata yalandiridwa. Funsani momveka ngati malowo ali ndi chilolezo chosintha ntchito, ndipo ngati chilipo, munaikidwa zoyenera kutsata zotani. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye kufunsa zoterezi ndi ufulu wanu.

Kalata yosainidwa ndi mabanja khumi imalemera kuposa ya munthu mmodzi; mutu umodzi susenza denga. Auzeninso a khansala a wodi yanu. Podandaula, gwirani mfundo zomwe komiti imayang'ana: phokoso usiku, magalimoto otseka njira, zonyansa zosefukira, chitetezo cha ana. Nkhani zakuti mwini wake ndi wamwano kapena munayambana kale sizikuthandizani. Khonsolo ikangokhala chete osayankha, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere.

Msewu wathu wonse ndi maofesi kale. Ine ndekha andikaniza bwanji?

Limeneli ndi dandaulo lomveka, ndipo nthawi zina wodandaulayo amakhala akunena zoona. Koma choyamba dziwani kuti si onse amene anakhoma zikwangwani amene ali ndi chilolezo, ndipo kulakwa kwa mnzanu sikukupatsani ufulu. Chachiwiri, msewu ndi mapaipi zimadzaza. Ofesi yachisanu ikhoza kukwana pomwe yakhumi ndi chisanu singakwane.

Komano dera likasintha zenizeni, udindo umabwerera ku khonsolo. Taonani mbali ya Area 47 chimangidwire Gateway Mall ndi Bingu National Stadium, yomwe inatsegulidwa mu 2017. Walira mvula walira matope: zitukuko zoterezi zimakoka malonda, ndipo mapuloti oyang'ana misewu ikuluikulu sangakhalenso momwe analili. Njira yolungama n'kukonzanso pulani ya deralo poyera: mzere uwu ukhale wa malonda ndi nyumba pamodzi, misewu yamkati ikhalebe ya mabanja, ndipo opindula athandize kukuza ngalande ndi msewu. Pulani ikatsalira m'mbuyo, chigamulo chilichonse chimaoneka ngati chokondera, ndipo m'pamene anthu amayamba kukhulupirira kuti chilolezo chimatuluka chifukwa chodziwana ndi wina wake.

Pafupi ndi kwathu pali malo ongokhala, tchire lokhalokha. Bwanji osangodula mapuloti?

Malo ambiri omwe amaoneka ngati ongokhala ali pantchito. Dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Mukalikwirira ndi dothi n'kumangapo, madziwo sasowa kolowera. Amapita kwa amene ali kumunsi. Anthu okhala m'mbali mwa Lingadzi, mbali ya Mtandire, akudziwa zomwe mtsinjewo umachita ukakwiya. Malo ena anasungidwira sukulu, chipatala kapena msewu womwe sunamangidwebe, ndipo akangodulidwa mapuloti, ana a m'deralo adzayenda mtunda wautali kupita kusukulu mpaka kalekale. Pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi ndi pamwamba pa mapaipi akuluakulu a madzi napo sipamangidwa.

Za m'mapiri sitifunikanso kuuzidwa. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche ku Blantyre, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa ndipo mazana ena sanapezeke. Ambiri mwa omwe anamanga m'mphepete mwa phirilo sanapiteko chifukwa chokonda phiri. Anapita chifukwa kumeneko n'komwe malo ankapezeka pamtengo womwe akanakwanitsa. Pulani yomwe imangoletsa, osaonetsa munthu wosauka komwe angamange movomerezeka, yagwira theka la ntchito. Khonsolo yomwe ikukana kusandutsa dambo kukhala mapuloti ikuchita bwino, koma iyeneranso kutsegula malo ena abwino, okhala ndi msewu ndi madzi, pamtengo woti wogulitsa tomato angaufikire.

Ndikufuna kugula puloti kunja kwa mzinda, komwe akudula minda. Amfumu asainira. Zakwana?

Sizinakwane. Kale malamulo a mapulani ankagwira ntchito makamaka m'matauni ndi madera ochepa osankhidwa, koma lamulo la 2016 linafikitsa mapulani m'dziko lonse. Kunja kwa malire a mzinda, khonsolo ya boma ndiyo imayang'anira. Munda kuti usanduke mapuloti a nyumba pamafunika layout plan yovomerezeka. Komanso lamulo la malo a makolo, Customary Land Act la 2016, linaika makomiti a malo m'midzi, otsogoleredwa ndi gulupu, ndipo mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Siginecha ya munthu mmodzi payokha si chitetezo.

Wogulitsa akakuonetsani mapu okongola, funsani chidindo cha ofesi ya mapulani, ndipo mukatsimikize nokha ku ofesiko. Mukafika pamalopo yang'anani zinthu zooneka ndi maso. Msewu womwe uli papepala ulipodi pansi, ndipo magalimoto awiri angapatsane? Asiya malo a sukulu, msika ndi manda, kapena adula chilichonse mpaka m'mphepete mwa mtsinje? Pitaniko mwezi wa February, nthaka itakhuta, muone pomwe madzi amaima. Madera ambiri ozungulira Lilongwe lero ali ndi nyumba zokongola za mipanda italiitali koma timisewu take n'toti galimoto yopopa zonyansa singalowe, chifukwa wodula mapuloti ankawerenga ndalama pa mita iliyonse.

Ife a ku Mtandire, Mgona, Kauma ndi Chinsapo, mapulaniwa amatikhudza?

Kwambiri. Anthu ambiri a m'mizinda yathu amakhala m'madera omwe anakula popanda layout plan, ndipo sangasamutsidwe onse. Njira yomwe imathandiza ndi kukonza deralo momwe lilili: kujambula mapu a nyumba zomwe zilipo, kugwirizana pomwe padutse msewu ndi ngalande, kusamutsa okhawo amene ali pangozi kapena panjira, kenako kuvomereza deralo kuti ndi malo okhala anthu. Kumenekonso ndi kusintha gulu la malo, ndipo phindu lake ndi lalikulu kuposa la lojii iliyonse, chifukwa kumatsegula njira yoti anthu apeze mapepala, madzi alowe, ndi ambulansi ifike pakhomo. Ntchito yotere imayenda pokhapokha eni dera atakhala nawo pojambula, popeza ndi iwo amene amadziwa pomwe madzi amadutsa ndi mpanda womwe ungasunthidwe popanda ndewu.

Akandikaniza, nkhani yathera pomwepo?

Ayi. Pemphani zifukwa zake molembedwa. Nthawi zambiri zimakhala zokonzeka: kuchepetsa zipinda, kusuntha geti, kuonjezera malo a magalimoto, n'kuperekanso pempho. Ngati mukuona kuti komiti yalakwitsa, lamulo linakhazikitsa Physical Planning Council yomwe imamva apilo, ndipo kupitirira apo kuli khoti. Apilo ili ndi nthawi yake, ndiye kalata yokukanizani musaisunge m'kabati.

Ndikangoyamba ntchito osapempha, chingachitike n'chiyani?

Khonsolo ili ndi mphamvu yokulemberani kalata yoimitsa ntchito, ndi ina yokulamulani kubwezeretsa malo momwe analili, ngakhale kugwetsa chomwe mwamanga. Ena amati, "Ndimange kaye, tikakambirana pambuyo." Alipo amene zinawayendera, koma nyumba yotere imakhala ndi chilema moyo wake wonse. Banki imakayika kuilandira ngati chikole, wogula wochenjera amaithawa, ndipo moto ukabuka a inshuwalansi amafunsa ngati nyumbayo inkagwira ntchito yomwe inalembedwa. Mavutowa nthawi zambiri amagwera ana, mwini wake atapita.

Chenjeraninso ndi madobadoba olonjeza kuti chilolezo chituluka mawa mukangowapatsa kenakake. Pepala lomwe silinadutse m'komiti ndipo silikupezeka m'kaundula wa khonsolo ndi pepala chabe, ngakhale litakhala ndi chidindo. Wina akakupemphani chiphuphu, nkhaniyo ndi ya ku Anti-Corruption Bureau.

Misonkho ikwera ndikasintha?

Yembekezerani kuti ikwera. Msonkho wa khonsolo umatengera mtengo wa malo ndi ntchito yake, ndipo eni lizi nawonso akhoza kuonanso ndalama ya pachaka. Muwerengeretu zimenezi musanasainirane ndi mlendi.

Munthu wamba angalankhulepo liti pa pulani yeniyeniyo?

Nthawi yabwino ndi pamene pulani ikukonzedwa kapena kuunikidwanso, chifukwa chigamulo cha puloti iliyonse chidzachokera m'menemo. Lamulo limafuna kuti anthu afunsidwe pulani isanavomerezedwe, koma misonkhano yake imalengezedwa mwakachetechete ndipo opitako ambiri amakhala akatswiri ndi amalonda akuluakulu. Pulani ya Lilongwe yomwe inakonzedwa mu 2010 inayang'ana mpaka 2030, ndipo masomphenya a Malawi 2063 anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndiye ntchito yojambulanso mizinda yathu ili patsogolopa.

Afunseni a khansala anu kuti pulani ya dera lanu ili pati ndipo idzaunikidwa liti. Komiti ya chitukuko ya wodi ipemphe kope la layout plan, likhomedwe pamalo poti aliyense aone, kusukulu kapena kumsika. Mukaliona, pezani malo omwe anasungidwira bwalo la masewera, chipatala ndi msika, mupite mukaone ngati adakalipo. Mukapeza wina akuthirapo mchenga ndi njerwa, lembani kalata sabata yomweyo maziko asanakumbidwe, ndipo kope lina lipite kwa mkulu wa mapulani, Commissioner for Physical Planning, ku Unduna wa za Malo.